Makatani a M'nyumba Yolandidwa

Telala wina wachizimayi anaiona katani yoyamba m'mawa akupita kushopu kwake, ndipo anaima chilili pakati pa msewu mpaka wanjinga anachita kumulizira belu. Inali pa zenera la kukhitchini la nyumba imene iye anabadwiramo, nyumba yomwe a banki analanda n'kuigulitsa. Inali yachikasu, ya timaluwa tobiriwira, mpendero wake wopinda kawiri. Telala saiwala msoko wake. Katani imeneyo anasoka yekha, ndipo mmene iye ankadziwira, inali yopindidwa bwinobwino m'sutikesi pansi pa bedi la bambo ake.

Nkhani ya nyumbayo panalibe amene sankaidziwa m'deralo. Achimwene ake anatenga ngongole yogulira lole, nyumba ya makolo n'kuipereka ngati chikole. Lole inagubuduzika, achimwenewo n'kuthimitsa foni, mpaka lero. Mayi awo anali atamwalira kale. Bambo okalambawo anatulutsidwa ndi ndodo yawo m'manja, n'kukakhala kwa mwana wawo wamkaziyu m'kanyumba ka lendi kuseri kwa galaja. Sanadandaule. Anangosiya kudya, n'kumakhala pakhomo tsiku lonse maso ali kumsewu wopita kwawo, thupi likutha ngati sopo.

Telalayo analumbira kuti nyumbayo aigula yekha. Anagulitsa makina ake achiwiri, anakongola kwa aliyense amene akanamumvera, ndipo apa m'pamene analakwitsa kulakwitsa kwa atelala. Tsiku loonetsa nyumba, anzake ofuna kugula akugogoda makoma ndi kusuzumira kudenga, iye anali kalikiliki ndi tepi kuyeza mazenera. Pofika tsiku la okushoni, makatani a nyumba yonse anali atasokedwa kale, timphete take tachitsulo tili m'malo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ndani angauze zimenezo munthu amene mtima wake walowa kale m'nyumba?

Malondawo anachitikira pakhonde penipeni. Panali mkulu wina wa jekete, foni ili kukhutu, akugulira munthu amene sanabwere n'komwe. Telala akakweza dzanja, mkuluyo ankangotukula chala, nyumbayo osaiyang'ana. Iye anakweza mpaka kupitirira zimene anali nazo, kenako dzanja linakana kunyamuka. Hamala inagunda.

Atafika kunyumba anapeza bambo ake pakhomo. Bambowo anangomuyang'ana.

"Tapambana, bambo," iye anatero. "Kwangotsala zamapepala."

Madzulo amenewo bambowo anamaliza mbale yonse, n'kupempha zina. Ndiye munthu ungabweze bwanji mawu otero? Bodza lija linakhala mankhwala, ndipo tsiku lililonse telala ankaliwonjezera pang'ono, mtima ukumuwawa.

Tsopano katani ija inali pa zenera. Madzulo anatsegula sutikesi mwakachetechete ndipo anapezadi ya kukhitchini mulibe. M'mawa wotsatira ya kuchipinda cha alendo nayo inali italendewera m'malo mwake. Patadutsa usiku wina, ziwiri za pabalaza.

Mphekesera sinachedwe. Mlonda wa pa sitolo ya zitsulo, moyang'anizana ndi nyumbayo, anamuitanira pambali.

"Mayi, kwanu kuja kukumalowa anthu usiku," ananong'ona. "Nyali sayatsa. Ndimangomva mawu, ngati anthu akukambirana za m'banja mwawo."

"Anthu angati?"

"Woyankhula ndimamva mmodzi. Koma amati akayankhula n'kudikira, kenako n'kuseka. Munthu saseka yekha choncho. Ine anandilemba kulondera misomali, zinazi ayi."

Ena ankati wogula uja anaikamo zinthu zake zolemeretsa. Ena ankati ndi achimwene aja abwerera mobisa. Mkulu wa jekete anabwera masana, anapeza loko wa kumaso ali bwinobwino, anathothola makatani onse n'kuwaunjika pansi. Kutacha anali abwerera m'mazenera, mapindo ake ali ndondondo. Mkuluyo sanabwerenso.

Telala anawaganizira bambo ake, inde, poti sutikesi inali kuchipinda kwawo. Koma chiwagwireni matenda ofoola ziwalo, dzanja lawo lamanja silinkakwera kupitirira phewa, ndipo mazenera a nyumba ija ndi aatali moti ngakhale iye ankachita kukwera pampando. Mpando m'menemo munalibe. A banki anasesa zonse. Anayamba kudzikayikira yekha, moti podzuka pamphasa yake pabalaza ankayamba wayang'ana kumapazi ngati kuli fumbi.

M'sutikesi mutatsala katani imodzi, ya kuchipinda kwa makolo, iye anaganiza zosagona. Anafunda mpaka kumutu n'kumamvetsera. Kugalaja kunali zii. Mpopi wa panja unkadontha m'chidebe, do, do, do. Nthawi itapita, zipi ya sutikesi inalira pang'onopang'ono, dzino limodzilimodzi. Chitseko cha kuchipinda chinatseguka, ndodo inagunda simenti pafupi ndi mutu wake, ndipo bambo ake anamulambalala n'kutuluka, nsalu ili kukhwapa.

Anawatsatira chapatali. Msewu unali mdima bii, magetsi atathima dera lonse, agalu akuuwa kutali. Bambo aja amene masana ankavutika kufika pampopi ankayenda osapuma, ndodo ikugogoda, go, go, ngati munthu wochedwa kunyumba. Sanapite kumaso. Anazungulira kuseri, anatulutsa kiyi amene anali pachingwe m'khosi mwawo, ndipo chitseko cha kukhitchini chinatseguka mosavuta. A banki anasintha loko wa kutsogolo yekha.

Telala anadikira pang'ono, kenako analowa. Fungo la fumbi linamulandira, koma pansi pake panali kafungo ka polishi wa pansi, kamene anakulira. Anaima m'khitchini atagwira khoma. Chamkati bambo ake ankayankhula motsitsa, mawu osamveka bwino. Anasiya. Panadutsa kanthawi kokwanira munthu kuyankha. Kenako anaseka, kuseka kuja kwa m'mphuno kumene iye anali asanakumve chimwalirireni mayi ake.

Anayatsa tochi ya pafoni. Bambowo anali atakhala pansi pabalaza, msana utatsamira khoma, ndodo ili pamiyendo. M'manja mwawo munalibe kanthu. Chitseko cha kuchipinda kwa makolo chinali chotseguka pang'ono, mkati muli mdima.

"Thimitsa chimenecho, mwanawe," anatero osadzidzimuka. "Khala apa."

Anathimitsa, n'kukhala pambali pawo. Simenti inali yozizira.

"Bambo, mukutani kuno usiku uno?"

"Ndabweretsa makatani. Wasoka bwino. Kungoti ya kukhitchini yafupika pang'ono."

"Sinafupike, ndinayeza ndekha."

"Si ine ndanena."

Telala ankafuna kufunsa kuti wanena ndani, koma ankaopa yankho. Ndiye m'malo mwake ananena chinthu china chimene chinkamuopsa kwa masiku onsewo, poti mumdima munthu suona nkhope ya amene ukumukhumudwitsa.

"Bambo, ndinakunamizani. Nyumba ino si yathu. Anandipitirira mtengo. Ndinayesetsa, bambo, ndinayesetsa mpaka..." Mawu anamuthera, misozi n'kuyamba.

Dzanja lawo lamanzere linafufuza mumdima n'kupeza mutu wake, ngati mmene ankachitira ali kamtsikana.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Munthu wogula nyumba salowa pakhomo chogwira khoma. Ndinadya kuti iwe ugone."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Iwe bwanji sunanene?"

Telala anamva ngati katundu amene anasenza wamutsika, ndipo kwa kanthawi anaiwala mantha. Bambo ake anali akudziwa, ndipo anali moyo, akupuma pambali pake.

"Tiyeni tizipita," iye anatero akupukuta m'maso. "Tisadzabwerenso kuno. Eni ake akatipeza atimangitsa. Mawa ndiyamba kufunafuna kanyumba kabwinoko, koti muzikhala ndi khonde lanu."

"Tsitsa mawu."

"Bwanji?"

Bambowo anasendera kufupi mpaka mpweya wawo unamufunda kukhutu. Mawu awo ankanjenjemera, ndipo aka kanali koyamba kuti iye amve bambo ake akuopa chinthu.

"Ine ndinapirira, mwanawe. Koma amako sanamve kuti nyumba yapita. Chomwe akudziwa n'choti tikubwerera, ndipo akondwa kwambiri. Usiku uliwonse ndimabwera kuti ndiwauze, n'kulephera. Uwauze ndiwe."

Telala anatsegula pakamwa kuti awakumbutse zimene onse ankadziwa. Asanatulutse liwu, kuchipinda kuja timphete tachitsulo tinayamba kukwekwereza pa ndodo ya zenera, kamodzikamodzi, mosafulumira, ngati pamene munthu akuyala mapindo kuti alingane. Kenako tinasiya, ndipo chitseko chinatseguka pang'ono kuwonjezera pamene chinali.