Usapite ku Tchalitchi, Bebi

Anakumana pa siteji ya minibasi ku Chifubu, mvula ikuwaza. Zipporah Mwanza anali atafungatira buku la kemisitiri ngati khanda, ndipo mnyamata wa shati yoyera amene anaima pambali pake analisuzumira n'kumwetulira.

"Sisi, mubwereza GCE?"

"Nanga muona monga nanyamulira fashoni?" anayankha Zipporah.

Mnyamatayo anaseka. Anati dzina lake ndi Jairus Sakala, amagwira ntchito mu labotale ya pa mgodi wina ku Kitwe, ndipo maasidi amene mtsikanayo ankawaopa m'buku, iye amasewera nawo tsiku ndi tsiku. Pamene minibasi imafika m'tauni, anali atapatsana kale manambala a foni. Tisamuseke Zipporah. Ndani sangagonje atapeza munthu wodziwa chinthu chimene chimamuliza?

Kemisitiri inali itamulizadi. Maphunziro ena onse anakhoza, koma iyoyi inamugwetsa, ndipo ku koleji ya unesi anam'bweza pachipata. Atate ake, omwe ankawotcherera zitsulo pamsika, sanapite m'mbali: uwu unali mwayi womaliza. Akalepheranso, akakhale pa tebulo la amayi ake kugulitsa tinsomba ta kapenta.

Loweruka lililonse Jairus ankabwera ku Ndola kudzamuphunzitsa, ndipo ankaphunzitsa bwino, chilungamo chake n'chimenecho. Mkati mwa sabata foni sinkapuma.

"Zippy wanga, nesi wanga, iwe ndiwe okisijeni yanga."

"Ukapasa chabe, nituma ankhoswe kwa atate ako. Nalumbira."

Zipporah anam'konda ndi mtima wonse, koma kunyumba sananene kanthu. Anafuna kuti ankhoswewo akadzafike mwa mwambo.

Tsiku lina akumwa zoziziritsa kukhosi ku Kanini, Jairus anam'funsa kumene amapemphera.

"Ku Reformed, kwathu ku Chifubu. Nanga imwe?"

Jairus anatsamwa. Anatsokomola mpaka misozi, Zipporah n'kumamusisita pamsana momumvera chisoni, osadziwa kuti chimene chamutsamwitsa si chakumwa.

Mayeso atayandikira, kunabwera meseji ina.

"Bebi, masande atatu aya usapite ku tchalitchi. Mulungu aziba kuti uli na ma exam. Nizakutumira mafunso m'mawa, uziyankha mpaka 12 hours. Nichita izi chifukwa cha future yathu."

Zipporah anakhudzidwa kwambiri. Mwamuna wotani uyu, wosamala za tsogolo lake chotere? Lamulungu loyamba anatsala pakhomo. Amayi ake atabwera anavula mpango n'kuyamba kufotokoza za kumapemphero.

"Priscah uja wa kwaya akukwatiwa. Alengeza lero. Mnyamata wake ndi wa ku Kitwe."

"Zabwino, amama," anatero Zipporah, maso ali pa kope. Dzina sanafunse.

Lamulungu lachiwiri anatsalanso. Koma lachitatu amayi ake anaima pakhomo la chipinda atagwira m'chiuno. Ku mpingo kwawo kunali mwambo woti Lamulungu lomaliza mayeso asanayambe, onse olemba amapita kutsogolo ndi zolembera zawo, abusa n'kuwapempherera.

"Ukalembe mayeso osapemphereredwa, iwe? Vala tiyende. Sindikukupempha ayi."

Zipporah anasiya foni pabedi, mafunso a Jairus ali osayankhidwa, natenga cholembera chake.

Nthawi ya zolengeza itakwana, mkulu wa mpingo anaimirira nakonza magalasi.

"Tikulengeza kachitatu, komaliza, ukwati wa Priscah Njobvu wa mpingo uno ndi Jairus Sakala wa ku Kitwe. Amene akudziwa choletsa ukwatiwu aonane ndi akulu a mpingo tsiku lake lisanafike. Awiriwa aimirire, mpingo uwaone."

Kutsogolo, mbali ya amuna, kunaimirira shati yoyera ija.

Amayi a mumpingo anaimba nthungululu. Zipporah anamuyang'anitsitsa Jairus. Ndiye masande atatu aja anali a zimenezi? Mafunso onse aja anali chingwe chomumangira pakhomo kuti asamve dzina la Jairus likuwerengedwa?

Kenaka abusa anaitana olemba mayeso. Zipporah anaimirira. Anadutsa pafupi penipeni ndi benchi la Jairus, namuyang'ana m'maso. Munthu wa mawu otsekemera uja anazolika ngati wataya kanthu pansi. Zipporah anakweza cholembera chake m'mwamba pamodzi ndi anzake, misozi ikuyenderera, ndipo amayi ena anamva chisoni poganiza kuti mwanayo akuopa mayeso.

Masana onse analira. Zinamupweteka, ndipo manyazi anam'pweteka kuposa chikondicho. Anatenga buku lija kuti aliponye kunja, popeza tsamba lililonse linali ndi zolemba za Jairus. Koma anaima. Bukulo linalakwa chiyani? Anapukuta m'maso, nakhala pansi kuwerenga.

M'mawa mwake munali mayeso osakaniza mankhwala mu labotale. Atafika pa sukulu yolemberapo, anapeza Jairus akudikira pachipata, maso ali psu.

"Zippy, bebi, nimvereko. Priscah ananisankhira ni makolo. Mtima wanga uli pali iwe."

"Mwabwera kuchokera ku Kitwe kuzaniuza izo?"

Jairus anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Usakakambe kuli akulu a mpingo, napapata. Mameseji yaja ufafanize. Tizakonza vonse pambuyo."

Zipporah anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Munthuyu sanabwere kudzapepesa ayi, anabwera kudzatseka pakamwa pake.

"Ba Jairus, mapanga awiri avumbwitsa. Chokaniko, nichedwa."

Nkhope ya Jairus inasintha, uchi wonse unauma.

"Iwe, ukumbukire pamene nakupeza. Sunali kuziba olo kugwira pipeti yoyezera mankhwala. Kulibe ine sungapase, uzagulitsa kapenta."

Mawuwo anamulasa penipeni pamene ankaopa. Kwa kamphindi anaona tebulo la amayi ake, ntchentche ndi dzuwa la pamsika. Kenaka anakumbukira masande awiri aja amene anakhala yekha m'chipinda. Amene ankayankha mafunso onse aja anali ndani?

"Munanitsekera m'nyumba kuti nisamve," anatero modekha. "Ine n'nawerenga. Mutu ni wanga, simunanibwereke. Nikatsiriza kulemba niyenda kuli akulu a mpingo, na foni yanga. Priscah naye ni mwana wa munthu."

"Zippy!"

Sanacheuke.

Mu labotale munali fungo la mankhwala ndi bata. Woyang'anira atalamula kuti ayambe, Zipporah anayeza madzi ake, natsegula kampopi ka asidi pang'onopang'ono. Mtsikana woyandikana naye anali atataya kale theka la ake chifukwa cha mantha. Zipporah anangoika maso pa botolo lake.

Dontho linagwa, linanso, ndipo madzi a m'botolo anasintha mtundu. Anatseka kampopi, nawerenga muyeso, naulemba ndi cholembera chimene abusa anachipempherera.

Potuluka, anapeza Jairus akadali pachipata. Zipporah anam'dutsa ngati mtengo, nakwera minibasi ya ku Chifubu.

"Museluke kuti, sisi?" anafunsa kondakitala.

"Pa tchalitchi," anatero Zipporah.