Bolodi la Pabalaza

Choyamba chimene mayi wosoka zovala anaona chinali kafumbi koyera m'munsi mwa khoma la pabalaza. Anasesa, koma kutacha kanaliponso.

Nyumbayo kale inali sukulu ya kumudzi, ya mawindo ataliatali, patali ndi msewu. Ana atasamukira kusukulu yatsopano, mwamuna wake, kalipentala, anaigula n'kuigawa zipinda ndi matabwa. Bolodi la simenti lokha analisiya, chifukwa mwana wawo wamkazi, amene ankamutcha Mafunso poti pakamwa pake sipankatsekeka, analilirira. "Adadi, ine ndikadzayamba sukulu ndizidzangodzuka, basi ndafika kale!" ankatero. Yunifolomu amayi ake anaisoka, koma mwanayo sanaivale. Anatentha thupi, ndipo sukulu zisanatsegulidwe anali ataikidwa m'manda.

Chichitikireni maliro, mayiyo ankagona m'chipinda cha mwanayo, bamboyo kwayekha. Ankangolankhulana za sopo ndi mchere.

Kenako kunayamba phokoso. Malata akasiya kuthetheka, agalu akutali atatopa kuuwa, mumdima munkamveka kukwecha kwa choko, pang'onopang'ono, ngati dzanja losazolowera. Kwee. Zii. Kweenso. M'mawa bolodi linkakhala lofufutidwa, lonyowa pang'ono.

"Alamu, samukani," ananong'ona mchemwali wa mwamuna wake atabwera kudzacheza. "Anthu akuti muno munafera mphunzitsi wina, ndipo mpaka pano sanaweruke."

"Nanga akakhala mwana wanga?" anafunsa mayiyo.

Usiku wotsatira kukwechako kunabwera ndi mawu otsika, osamveka bwino. Mayiyo anafika pachitseko, koma anabwerera osatsegula. Usiku winawo anavala zilimbe, natsegula.

Mwezi unkalowa pawindo. Pabolodi panaima mwamuna wake, wopanda nsapato, maso ali tong'o koma osaona kanthu. Kutsogolo kwake kunali kabenchi katsopano, kopalidwa bwino, popanda wokhalapo.

"Ayi, mama," ankatero bamboyo mofatsa, akuyang'ana kabenchiko, "mimba ya chilembo cha b imayang'ana uku. Yesanso. Usalire, nanenso inkandivuta."

Mayiyo anaphimba pakamwa. Munthu amene sanagwetse msozi ngakhale pokhoma yekha bokosi la mwana wake, uyu apa akuphunzitsa mpando. Mayiyo anayandikira, namulanda choko n'kuchiika pakabenchiko, kenako anamugwira manja onse awiri.

"Bambo a mwana, dzukani. Ndine."

Bamboyo anaphethira, anayang'ana bolodi, anayang'ana mkazi wake, kenako anagwa pansi ngati thumba.

"Ndinamulonjeza," anatero akusisima. "Kuchipatala kuja anandifunsa kuti dzina lake limalembedwa bwanji. Ndinati tikafika kunyumba. Amayi a mwana, ndinati tikafika kunyumba."

Analira atakumbatirana pasimenti yozizirayo, msana atafulatira bolodi, mpaka misozi inawathera ndipo m'nyumba munangoti zii.

Ndipo kumbuyo kwawo, m'munsi mwenimweni mwa bolodi, pamene munthu wamkulu sangalembe osagwada, choko chinayamba kukwecha.

Bamboyo anafuna kucheuka. Mkazi wake anamufinya manja.

"Musatembenuke," ananong'ona. "Mukumudziwa, ndi wamanyazi. Musiyeni amalize."