Msomali wa Pakati

Mtembo wa mayi wina wokalamba anaupeza kuseri kwa chitseko cha chipinda chake, utagwada, zala zitalowa pampata wa pansi. Chitsekocho chinali ndi loko wokiya kunja. Moto unabuka m'mawa wa Lachiwiri, ndipo pofika masana nyumba inali makala ndi malata opindika.

Wapolisi wofufuza milandu, amene anzake ankamutcha Chiswe chifukwa mlandu ankaudya mwakachetechete mpaka ugwe wokha, anaima pakhomo. Mwana wa malemuyo, bambo wogulitsa matayala, ankalira mokweza pabwalo.

"Wantchito uja wandiphera amayi, bwana. Wasiya ayironi yoyaka, wakiya chitseko, n'kupita kumsika."

Wantchitoyo anamutsekera tsiku lomwelo. Ana ake anakhala pabenchi panja pa polisi, opanda wowatenga.

"Munakiya chitseko?" anafunsa Chiswe m'chipinda chofunsira mafunso.

"Ndinakiya, bwana. Amayi mutu unasokonekera, amatuluka n'kumasochera. Abwana ndiwo anandiuza kuti ndizikiya ndikamachoka."

"Nanga ayironi?"

"Sindinasite lero. Ndangokolopa, n'kupukuta zithunzi za pabalaza, basi."

"Alipo angakuikireni umboni?"

Wantchitoyo anapukusa mutu. Mkulu wa polisi anali atafuna kale kuti mlandu upite kukhoti. Wosauka savuta kumanga, fayilo yake imatsekeka msanga.

M'mawa mwake kunabwera mayi wa kampani ya inshuwalansi. Anati mwezi wathawo wamatayala anamuitana kuti aone ngati inshuwalansi ya nyumbayo inali yokwanira.

"Sinali yokwanira," anatero. "Inali yakale, ya malemu bambo awo, yoteteza makoma okha. Tinaikweza, tinaikamo ndi katundu yemwe. Ndinajambula chipinda chilichonse monga timachitira."

"Munawalangiza chiyani?"

"Zomwe ndimauza aliyense. Ife timabweza zogulika. Zosagulika, monga zithunzi za makolo, muzisunge kwina."

"Iwo anati bwanji?"

"Anangofunsa tsiku limene chitetezo chiyambe kugwira ntchito."

Kukweza inshuwalansi si mlandu, ndipo Chiswe ankadziwa zimenezo. Anapempha foni ya mayiyo n'kuyang'ana zomwe anajambula. Pakhoma la pabalaza panali zithunzi za m'mafelemu, ndipo pakati panali chachikulu: malemuyo ali mtsikana, atavala yunifolomu ya unamwino, atanyamula khanda lonenepa.

Anabwerera kubwinja kuja, anagwada m'munsi mwa khomalo n'kuyamba kufukula phulusa ndi manja. Misomali yonse yopachikapo zithunzi inali ikadalipo. Pansi pa msomali uliwonse anapeza magalasi osweka ndi timawaya ta felemu. Pansi pa msomali wa pakati panalibe kanthu, ngakhale kachidutswa.

Lachinayi masana anafika kusitolo ya matayala. Mashelefu anali pululu, kasitomala analibe ndi mmodzi yemwe. Mwiniwake anamulowetsa mu kaofesi ka kuseri, ndipo Chiswe sanavutike kufufuza. Chithunzi chija chinali pamwamba pa kabati, chopukutidwa bwinobwino.

"Amayi anali okongola," anatero Chiswe.

"Kwambiri, bwana. Khandalo ndine."

"Chinabwera liti kuno?"

"Kalekale. Chaka chatha."

"Mayi wa inshuwalansi anachijambula mwezi watha chili pabalaza. Wantchito anachipukuta Lachiwiri m'mawa chili pomwepo. Ndiye chinatuluka bwanji m'nyumba iye atachoka, moto usanayake? Chili ndi miyendo?"

Wamatayala anakhala pansi.

"Munalowa, achimwene," anapitiriza Chiswe. "Munatsatira malangizo bwino lomwe. Munayang'ana m'nyumba monse kufuna chosagulika, n'kupeza ichi."

"Simukudziwa zomwe ndaona ine," anatero bamboyo motsitsa mawu. "Sitolo yagwa, mwaona nokha. Nyumba inali m'dzina la amayi. Ali bwino ankakana kugulitsa, atadwala sakanathanso kusaina. Mkazi wanga anathawa fungo la mikodzo. Ndikanatani?"

"Kiyi wa loko munali naye?"

"Anali m'thumba."

"Munayatsa ndi chiyani?"

"Ayironi, pamulu wa zovala. Ndinathirapo mafuta pang'ono."

"Kuti wantchito akafere kundende m'malo mwanu."

Chiswe anapitiriza kufunsa.

"Amayi anu anaitana?"

"Anagogoda. Ankaitana bambo anga, munthu woti anamwalira kalekale. Ine anandiiwala, bwana. Ndikalowa ankabisa mbale kuti wakuba wabwera." Analoza chithunzi chija. "Amayi anga ndi awa. Uja wa m'chipinda sindimamudziwa."

Chiswe anali ataona zoipa zambiri pantchito yake, koma izi zinaposa zonse. Anaimbira kupolisi kuti wantchito amutulutse, atenge ana ake azipita. Kenako anamanga bamboyo unyolo, ndipo anaumanga mothina dala.

Potuluka anatsitsa chithunzi chija pakabati kuti chikakhale umboni, n'kuchikolekera m'khwapa. Wamatayala anaima pakhomo, nkhope itadzaza nkhawa yeniyeni kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo.

"Bwana, chonde nyamulani bwino," anatero. "Galasilo lingasweke."