Mafuta Amene Anakana Kuvunda

Madzulo aliwonse akatsekera mbuzi m'khola, mayi Iness ankakwera pa mtondo n'kutsitsa timabotolo timene tinkakhala pamwamba pa khoma, kunsi kwenikweni kwa malata. Ankatsekula kalikonse, kununkhiza, kuyang'ana mtundu wake, kenako n'kuchonga m'kope. Timabotolo tina tinali mumtsuko wokwiriridwa mumchenga wonyowa kuseri kwa nyumba, tina pazenera pamene dzuwa limawomba tsiku lonse. Ntchitoyi anawapatsa ndi a Lusayo, katswiri wosakaniza mankhwala wochokera ku Karonga, amene ankagwira ntchito ku bungwe lina pa Boma la Mwanza. M'mudzimo ankangowatchula kuti adokotala, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni.

A Lusayo ankafufuza kapangidwe ka mafuta odzola ochiritsa mang'a ndi zipere, pogwiritsa ntchito zinthu za kumudzi komweko: phula, nimu, makoko a manachesi ndi mafuta a nsatsi. Kuchiritsa ankachiritsa ndithu. Vuto linali kukhalitsa. Kutentha kwa nyumba ya malata kwa Kanduku sikuseka ndi munthu, ndipo pakangotha masabata atatu mafutawo ankapatukana, madzi pansi mafuta pamwamba, kuchita chuku, n'kumanunkha ngati nsapato ya wakabaza. Anasakaniza kasanu ndi kamodzi, ndipo kasanu ndi kamodzi konseko zinathera kudzala.

Koma madzulo amenewa, mwezi wa Okutobala, timabotolo ta msakanizo wachisanu ndi chiwiri tinali titatha miyezi iwiri padengapo osasintha ngakhale pang'ono. Malata anali moto, koma mafutawo anali ozizira, oyera mbee, osalala. Thandie, mwana mmodzi yekhayo wa mayi Iness, mtsikana wathupi lake amene ukwati wake unali mu Disembala, anasuzumira paphewa pa mayi ake.

"Amayi, amenewa akununkhira ngati munthu amene wangosamba kumene."

"Choka apa iwe. Adokotala anati osagwira."

Chimene a Lusayo anasintha pa msakanizo umenewu chinali chimodzi chokha. Mafuta a nsatsi sanagule kumsika, anaitanitsa kwa a Langton, bambo wa m'mudzi momwemo amene anali ndi makina ofinyira mafuta opukusa pamanja. A Langton anali munthu wokondedwa. Ankaimba besi m'kwaya, ndipo pamaliro aliwonse ndiwo ankayamba kufika ndi khasu monga mdzukulu. Botolo loyambalo analibweretsa m'mawa wotsatira maliro a a Mateyu, wopha mbuzi wa pa Thambani, chimunthu chimene njinga inkalira chikakwera. A Mateyu anaonda m'masiku asanu ndi anayi okha mpaka khungu kulendewera ngati malaya obwereka, n'kumwalira. Anthu anangoti ndi shuga, nkhani n'kutha.

A Lusayo atabwera pa njinga yamoto n'kuona timabotolo tija, anavina pakhonde ngati mwana.

"Mayi a Thandie, fomula ija yapezeka! Komatu chinthu chikachitika kamodzi timati ndi mwayi chabe. Kafukufuku amafuna chichitike katatu. Ndiwauza a Langton afinyenso, ofanana ndendende ndi oyamba aja."

Sabata imeneyo ndi imene makina anayamba kulira. Dzuwa likangolowa, anthu akuchokera kumjigo, kunkamveka kwiii, kwiii, pang'onopang'ono, kenako dontho kugwera m'chitini. Ena ankati phokosolo likuchokera kudambo, ena kuseri kwa nyumba zawo zomwe. Ana amene anakazonda kwa a Langton anapeza makina ali phee, ofunditsidwa chiguduli, mwini wake ali kutchalitchi akuphunzira nyimbo. Ndiponso nsatsi zinali zitatha kalekale m'mudzi monse.

Mmawa wina, Fyness, mayi wansangala wogulitsa zitumbuwa, anadzuka mphasa yake ili noninoni ngati wagonera m'chiwaya. Pachitseko chake panali chidindo cha chikhatho cha mafuta, zala zisanu zoonekera bwino, chonunkhira manachesi. Anachitsuka ndi phulusa, koma mmawa wotsatira chinabwerera. Ku chipatala cha Thambani anamuyeza magazi, makhololo, mkodzo, sanapeze kanthu. Chakudya ankadya ndithu, koma masaya analowa m'kati, mphete inavuka yokha, ndipo tsiku lachisanu ndi chinayi anthu anamva kulira kwa ana ake. Atanyamula bokosi, anyamata anayang'anizana, chifukwa linali lopepuka ngati mulibe munthu.

M'mawa mwake a Langton anafika kwa mayi Iness, dothi la kumanda likadali m'zikhadabo, atanyamula botolo la Fanta lotsekedwa ndi chitsononkho.

"Achemwali, muwasungire adokotala katundu wawoyu."

Mayi Iness analilandira. Botolo linali lofunda ngati mkono wa munthu, ndipo linakhala lofunda choncho mpaka madzulo. Anakhala pansi n'kutsekula kope lawo lija. Iwo sanapite patali ndi sukulu, koma miyezi isanu yolemba masiku inawaphunzitsa kuyika zinthu pafupi ndi zinzake. Tsiku loitanitsa mafuta, tsiku loyamba kudwala a Mateyu. Tsiku loitanitsanso, tsiku loyamba kudwala Fyness. Anachita mantha oti sanachitepo chibadwire.

M'mudzimo namonso anthu anali akuyika zinthu pafupi ndi zinzake, kungoti molakwika. Kodi m'mudzi muno ndani ali ndi timabotolo kudenga? Ndani wakwirira mtsuko kuseri kwa nyumba? Ndani amanunkhiza mafuta dzuwa likamalowa n'kumalemba m'buku? Kumjigo amayi ankangoti zii mayi Iness akafika, ndipo wina anakoka mwana wake kuti chithunzithunzi chawo chisamugwere. Za a Langton palibe anaganizako, poti munthu amene wakukumbira manda a m'bale wako sumuloza chala.

A Lusayo atabwera kudzatenga botolo, mayi Iness anagwada pamchenga.

"Adokotala, chonde, musaitanitsenso. Mafutawa si a nsatsi."

"Nanga ndi a chani?"

"Mukaitanitsa, munthu amauma. Onani m'kopemu."

A Lusayo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu wothamangira zina. "Mayi, zimenezi zangochitikira limodzi basi. Sampulo ndatumiza kale ku labu ku Blantyre, atiuza zimene zilimo. Ndatsala ndi ulendo umodzi wokha. Zaka zitatu ndikuvutika ndi ntchito imeneyi, ndiye ndisiye chifukwa cha mphekesera?"

Wamisala anaona nkhondo. Ali pomwepo, mayi Iness akadali chogwada, a Lusayo anatulutsa foni n'kuwaimbira a Langton.

Patapita masiku awiri, chikhatho chija chinapezeka pachitseko cha mayi Iness. Thandie anatuluka m'chipinda atagwira chitenje chimene chinkakana kumanga.

"Amayi, mphasa yanga yanyowa. Si mkodzo, amayi."

Mayi Iness anachita zonse zimene mayi angachite. Anamutengera kuchipatala pakabaza, anamuphera nkhuku, anaitana a mpingo kudzapemphera, koma anabwera awiri okha n'kuimirira panja. Akuchimuna anatumiza uthenga kuti za ukwati ziyambe zaima. Thandie ankadya n'kumalira kuti akumva ngati wina akumupotokola ngati nsalu yochapa. Tsiku lachisanu mafupa a m'khosi anatuluka. Tsiku lachisanu ndi chiwiri sankathanso kukweza kapu.

Mmawa wa tsiku lachisanu ndi chitatu mayi Iness anapita kwa a Langton. Anawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango, akung'ung'udza nyimbo ya Pasaka.

"Achimwene, ndinakulakwirani chani? Mwana ndi mmodzi yemweyu."

"Ine ndimangofinya zimene andituma, achemwali."

"Tengani ineyo."

A Langton anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmene munthu amayang'anira mbuzi pamsika. "Inu mungatuluke chani? Komanso mwachedwa. Katundu ndinatumiza dzulo pa Boma, ulendo uno sindinafune kukuvutitsani."

Mayi Iness anathamanga mpaka pamsewu, n'kukwera pikapu ya matumba a mtedza. Anafika pa Boma dzuwa lili paliwombo. M'kachipinda kawo kosakanizira mankhwala, a Lusayo anali atakhala pampando, kalata ili m'manja, nkhope itagwa. Patebulo panali sikelo, mbaula yamagetsi, timabotolo tatsopano khumi ndi tiwiri todzaza kale, ndi botolo la Fanta.

"Zotsatira zabwera," anatero osadzutsa mutu. "Akuti nsatsi mulibemo. Muli mafuta a chamoyo. Ayerekeza ndi a mbuzi, a ng'ombe, a nkhumba, a nkhuku. Sakugwirizana ndi alionse."

"Ndiye mwadziwa."

"Mwina makina awo alakwitsa."

"Thandie akufa, adokotala!"

A Lusayo anapinda kalatayo kanayi n'kuiyika m'thumba la malaya. Anadziwa ndithu, asakunamizeni munthu. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo a Langton anali atakhala pa zaka zitatu za ntchito yawo. Mayi Iness sanadikire yankho lina. Anatsomphola botolo la Fanta lija, kulibisa m'chitenje pamimba, n'kutuluka. Njira yonse linkawafunditsa ngati mmene Thandie ankawafunditsira ali khanda kumsana.

Anafika kwawo dzuwa litapendeka. Thandie anali akupumira m'mwamba, maso atalowa. Mayi ake anatsanulira mafutawo m'manja n'kuyamba kumudzoza, kumaso, m'khosi, pachifuwa. Khungulo linamwa mafutawo ngati dothi la chilimwe. Masaya anayamba kubwerera. Milomo inatseka mano. Thandie anatsekula maso n'kuwazindikira.

"Amayi, ndikumva bwino. Pitirizani."

Anadzoza mikono, anadzoza msana. Atafika m'chiuno, botolo linatha. Analigwedeza, analimenya pachikhatho, analowetsa chala, koma munalibe ngakhale dontho. Apo ndi pamene anakumbukira kuti botololo analitenga lili theka. Theka linalo a Lusayo anali atalisungunula kale ndi phula mmawa womwewo, ndipo linali m'timabotolo khumi ndi tiwiri tija pa Boma.

"Amayi, miyendo. Bwanji mwasiya?"

"Atha, mwanawe."

Thandie anawayang'ana ndi nkhope yake yeniyeni, yodzaza, yokongola ngati ya tsiku la chinkhoswe, pamwamba pa miyendo ngati nkhuni. Anapuma kawiri, n'kutsirizika.

Kulira kwa mayi Iness ndi kumene kunaitana anthu. Atakankha chitseko anapeza mayi atagwada pa mtembo wa mwana wake, manja ali noninoni, botolo lili pambali, nyumba yonse ikununkha manachesi. Palibe anafunsa funso. Anawakokera panja ndi tsitsi, mwamuna wa malemu Fyness akutsogolera. Anaphwanya mtsuko uja, anatsitsa timabotolo ta kudenga n'kuwakakamiza kuti anyambite, kope lija analiponya pamoto pamodzi ndi zofunda zawo. Mayi Iness ankakuwa dzina la a Langton mpaka mawu anatha, koma anthu ankangoti imvani mfiti, ikufuna kufera limodzi ndi munthu wa Mulungu. A Langton eni ake ndiwo anawaleretsa kuti asaphedwe.

"Musadetse manja anu, abale. Ingomuperekezani."

Anawaperekeza ndi miyala mpaka kumalire a mudzi, osawalola ngakhale kutseka maso a mwana wawo. Ena amati anawolokera ku Mozambique, ena amati anawaonapo pa Boma akuyendayenda pamsika, akununkhiza mabotolo a mafuta odzola pa mabenchi mpaka ogulitsa kuwathamangitsa. Manda a Thandie anakumba ndi a Langton, ndipo anthu anayamikira kuti anali owongoka bwino.

Mudzi unapuma. Makina sanalirenso, zitseko zinakhala zouma, ndipo aliyense anati mwaona, inali mfiti imene ija. Pa Boma, timabotolo khumi ndi tiwiri tinatha miyezi isanu ndi umodzi pakutentha osasintha mtundu kapena fungo. A Lusayo analemba lipoti lawo kuti msakanizowo wapambana maulendo onse atatu. Kalata ya ku Blantyre ija sanaitchulemo, ndipo palibe anaionanso. Akuluakulu a bungwe anakondwa, n'kulamula kuti mafutawo ayambe kupangidwa ochuluka, oti afike m'magolosale.

Lamulungu lina mwezi wa Meyi, a Lusayo anaiyang'ana foni nthawi yaitali, kenako anaimba. A Langton anayankha ali pakhomo la tchalitchi, mapemphero atangotha.

"Bambo Langton, ndine. Tsopano za mabotolo a Fanta zatha. Tikufuna zigubu."

A Langton anayang'ana anthu akutuluka m'tchalitchimo, amayi a mvano, anyamata a kwaya, makanda onenepa ali kumsana, onse owala nkhope ndi chimanga chatsopano.

"Zipezeka, adokotala," anatero. "Chaka chino anthu akolola bwino."