Mawotchi Otsogola ndi Mphindi Khumi

Nkhaniyi anandiuza mwini wake, titatsala awiri pabenchi mapemphero atatha. Ndikuibwereza monga ndinaimvera. Pomwe sindikumvetsa ndapasiya m'manja mwa Mulungu.

Bambo ake anali okonza mawotchi. Mumsewu monse ankawadziwa kuti a Mawotchi, koma akazi awo ankawatcha a Mochedwa, chifukwa munthu wokhala pakati pa mawotchi makumi atatu sanafikepo paliponse pa nthawi yake. Ndiye mayiwo anali ndi kachitidwe kawo. Loweruka lililonse ankalowa m'sitolo n'kukankhira wotchi iliyonse patsogolo ndi mphindi khumi. Lolemba bambo ankabweza, akung'ung'udza. Zaka makumi atatu ndi zisanu, nkhondo ya m'banja mwawo inali imeneyo. Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, yemwe anandiuza nkhaniyi, ndipo ankamutchula kuti Kamphindi, poti anabadwa wochepa kwambiri.

Mayi atamwalira, a Mawotchi anasiya kuwayinda mawotchi. Anaima imodziimodzi, mpaka m'sitolo munangoti zii. Kiyi wa wotchi yaikulu yoimirira pakona anamumangirira pachingwe n'kumuvala m'khosi. Kenako anagula makope a ana asukulu n'kuyamba kulemba buku.

Linali buku la munthu amene anapanga makina obwerera nawo m'mbuyo mwa nthawi, kuti akafike kuchipatala mkazi wake asanatsirizike. Aliyense akanadziwa kumene linachokera. Tsiku lomwe mayi anamwalira, bambo anali kusitolo. Anafika kuchipatala atawafunditsa kale nsalu kumaso.

Kamphindi ankagwira ntchito yotaipa makalata mu ofesi ina. Akaweruka ankapita kusitolo ndi laputopu yake, n'kumataipa makope aja patebulo lokonzera mawotchi. Ankataipa uku akuona zinthu. Anaona kuti lamba wa bambo ake wabooledwa mabowo awiri atsopano. Anaona akuitana makasitomala kuti adzatenge mawotchi awo osakonza. Anapeza mapiritsi awo a mtima mudirowa, paketi yosatsegula. Ndipo tsiku lina anawamva akuuza telala wa khomo loyandikana nalo kuti, "Bukuli likatha, nanenso ndapumula."

Madzulo a tsiku limenelo linali litatsala kope limodzi. M'mutu womalizawo munthu uja afika pa nthawi yake, mkazi wake amugwira dzanja nati, "Khalani nane, musabwererenso." Iye aphwanya makina, osabwereranso.

"Ndiye waliona bwanji, mayi?" bambo anafunsa mwana wawo.

"Ndinene zoona?"

"Kodi ndinakulera ndi mabodza?"

"Makinawo ndi abwino, bambo. Pomwe akuwamanga paja, mpaka ndinamva fungo la mafuta. Paja akubwerera, mvula ikukwera kumwamba, tiyi akubwerera m'ketulo, ndinalira. Komanso simunabere. Munati munthu angabwerere kamodzi kokha, ndipo lamulolo simunaliphwanye."

"Koma?"

"Koma mkaziyo sindikumudziwa. Masamba mazana awiri, sanakalipepo ngakhale kamodzi. Amangomwetulira ngati chithunzi cha pakalendala." Anatsegula kope loyamba. "Ndiye m'mutu woyamba munthuyu ali ndi mwana. Mwanayo anapita kuti? Simunamutchulenso."

Bambo anatola chipewa chawo.

"Ungotaipa. Sindinakulembe ntchito ya uphunzitsi."

Anatuluka. Kamphindi anakhoma chitseko ndi mpiringidzo n'kukhala pansi. Zala zinakana. Ankaona ngati akalemba mawu omalizawo, ndiye kuti wawatsegulira yekha khomo bambo ake.

Kunja magalimoto anayamba kuchepa. Telala anatseka. Kenako magetsi anazima, msewu wonse. Kunatsala kuwala kwa laputopu, ndi nkhope za mawotchi zoyererako pakhoma, iliyonse italoza nthawi yakeyake yomwe inafera.

Pagalasi la zenera panamveka kugogoda.

Sikunali kwa chala. Kunali kwa mphete. Kawiri, kupuma pang'ono, kenako kamodzi.

Munthu mmodzi yekha ankagogoda choncho.

Kamphindi anayamba Pemphero la Ambuye. Anafika pa "kufuna kwanu kuchitidwe," mawu n'kumuthera. Akuti sakukumbuka kuti anaimirira. Sakukumbuka kuti anachotsa mpiringidzo. Chomwe akukumbuka ndi fungo: mafuta a bulugama, aja opaka m'mawondo. Kenako benchi ya makasitomala inalira, kukona komwe kuwala sikunkafika.

"Ayi, mawondo angawa," anatero mawu.

Kamphindi sanatembenuke. Ankangoona m'mbali mwa diso: munthu wakhala, chikwama chili pamiyendo, manja onse awiri atachigwira pamwamba.

"Fumbi lonseli, palibe waona tsache? Tawerenga timve. Akuti ndalembedwa m'buku."

Anawerenga. Pa makina paja mlendo anangoti, "Mmm." Pa mvula yokwera kumwamba anati, "Apo wakhoza. Manja ake sananamepo munthu ameneyu." Atafika pa "Khalani nane, musabwererenso," kukona kuja kunaphulika chiseko. Chiseko chenichenicho, chothera m'chifuwa.

"Ameneyo ndiye ndani?"

"Ndi... ndinu, amayi."

"Ine? Chidole chimenecho? Ine ndingasunge mwamuna m'chipatala, sitolo ili yosatsegula, mwana osamutsanzika? Munthu wapanga makina odumpha zaka, koma walephera kukumbukira mkazi amene anagona naye nyumba imodzi. Fufuta. Lemba zomwe ndikuuze."

Kamphindi anafufuta. Zala zomwe zinkakana zija zinayamba kuthamanga zokha.

"Lemba kuti mkaziyo anatsegula maso nati: 'A Mochedwa, mwabweranso kudzatani? Si ndinakuuzani m'mawa uja kuti pitani mukatsegule, musandiyang'anitsitse ngati ndine wotchi yakufa? Simunachedwe. Ndinakuthamangitsani ndine. Sindinkafuna muone.' Walemba?"

"Ndalemba."

"Upitirize. 'Bwererani. Makina anu ndi a ulendo umodzi, koma wobwerera sindinamve kuti mwauletsa. Kuli mwana uko. Kuno ndikusungirani malo, ndipo ulendo uno wokha ndikukulolani kuchedwa. Muchedwe ndithu.'"

Misozi inali ikugwera pamabatani. Kamphindi anapukuta ndi mkono wa bulauzi.

"Amayi, kodi kumeneko..."

"Taipa, iwe. Batire likutha."

Anataipa mpaka kumapeto. Kenako benchi inaliranso. Mapazi anayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwake, lina likukwakwaza pansi. Anamva dzanja likumukonza kolala, monga ankachitira pomuperekeza kusukulu. Silinali lozizira. Anandiuza kawiri zimenezi: silinali lozizira.

"Waonda, Kamphindi. Ukusamala bambo ako, nanga iwe akukusamala ndani? Tagona."

Kamphindi anatsamira patebulo. Kumbuyo kwake china chake chinati the. Kenako the, the. Wotchi ina inayankha kukhoma la uko. Ina pamwamba pa chitseko. Pomalizira inalowa wotchi yaikulu ya pakona, ndi mawu ake akuya, ngati mtima wa munthu wamkulu. Tulo tinamutenga m'phokoso limenelo.

Kunja kutayamba kuyera, anadzidzimuka ndi kugogoda kwina, kwa chibakera. Mpiringidzo unali m'malo mwake. Atatsegula anapeza bambo ake, malaya atamangidwa mabatani mopotoka.

"Sunabwere kunyumba. Ndazungulira msewu wonse, ine kuganiza kuti..."

Sanamalize. Analowa pang'onopang'ono, atavula chipewa. Mawotchi onse makumi atatu ankayenda. Anatulutsa foni m'thumba, n'kuyang'ana foni, n'kuyang'ana khoma. Wotchi iliyonse inali patsogolo ndi mphindi khumi. Anaima patsogolo pa yaikulu ija. Dzanja lawo linapita pakhosi. Kiyi anali pomwepo, pachingwe chake.

Magetsi anali atayaka. Kamphindi anatsegula laputopu n'kuwatembenuzira. Bambo anavala magalasi awo okonzera mawotchi. Anawerenga ataimirira, kenako anafufuza mpando ndi dzanja.

"Mawu awa unawamva kwa yani?"

"Mawu ati?"

"'Ngati wotchi yakufa.' M'chipindamo tinalimo awiri. Sindinauzepo munthu. Ngakhale ine ndemwe ndinali nditasiya kudziuza."

Bambo ananunkhiza mpweya wa m'sitolomo, kamodzi, kawiri. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Kamphindi akuti mpaka lero sadziwa ngati kunali kulira kapena kuseka.

"Anatinso chiyani za bukuli?"

"Akuti makina mwakhoza. Mkazi mwalemba chidole."

"Ee, ndi yemweyo," anatero bambo, akupukuta magalasi. "Ngakhale kumwamba sanamuphunzitse ulemu." Kenako anagwira dzanja la mwana wawo. "Mwana uja ndinamusiya m'mutu woyamba. Ndikhululukire, mayi. Afunika mitu yakeyake. Zitenga nthawi."

"Zitenge."

Bambo anatsegula dirowa, n'kutulutsa paketi ya mapiritsi ija, n'kuing'amba.

"Kodi amamwera tiyi amenewa, kapena madzi? Ndipo ngati pali buledi, ndipatseko."

Nkhani siichedwa mumsewu. Telala amati Kamphindi anachita yekha zonsezo kuti apulumutse bambo ake, ndipo ngati ndi bodza, ndi bodza loti Mulungu angalimwetulire. Mukamufunsa za kiyi, amangoti makina ake osokera akufuna mafuta. Mlonda wa sitolo ya nsapato amati usiku umenewo anaona mayi wina wachikwama akutsika ndi msewu, akutsimphina pang'ono, ndipo pofika pamphambano anamumva akudandaula za mawondo. Koma amanena motsitsa mawu, ndipo amayamba wayang'ana kumbuyo.

Ine sindiweruza. Ndimangothokoza kuti munthu amene anali atatsanzika akudyanso.

Bukulo silinathebe. Papita zaka zitatu, ndipo a Mawotchi akuti mutu wa mwana ukuwavuta, ukungokula. Lolemba lotsatira usiku uja sanabweze mawotchi. Kasitomala akawauza kuti, "Akulu, mawotchi anuwa akutsogola," iwo amayankha osadzutsa mutu pa ntchito yawo.

"Ndikudziwa. Asiyeni. Wochedwa ndine."