Mafuta Anjala

Dzina lake lenileni anthu analiiwala, ankangomutchula kuti Sipanala. Unyamata wake wonse unathera pansi pa magalimoto a eni ake, m'galaja ya munthu wina, ali chagada pakatoni yonona ndi oyilo. Kunyumba kunali zipinda ziwiri zalendi. Mkazi wake ankasoka zovala pa makina okalamba omangidwa ndi waya. Mwana wawo wamkazi, mtsikana wamkulu kale, ankagona kuseri kwa katani. Atate ake, amene anayendetsa malole mpaka maso atayamba kuchita nkhungu, ankayala mphasa pafupi ndi khomo.

Umphawi anauzolowera. Chimene sanachizolowere chinali mnzake wina amene anaphunzira naye ntchito. Mnzakeyo tsopano anali ndi galaja yakeyake yokonza magalimoto a mpikisano, ndipo akadutsa ankatsitsa galasi n'kukuwa kuti, "Ukadali pansi pomwepo, mkulu? Udzatuluka liti?" Sipanala ankaseka nawo, kumtima kuli zii.

Masiku amenewo eni magalimoto aliwiro anali atapenga ndi mafuta a etanolo, amene kwenikweni ndi mowa wosamwa wothiramo petulo pang'ono. Injini ikamwa amenewo imazizira bwino ndi kukoka ngati yalumidwa. Koma mafutawo ali ndi khalidwe loipa. Amatupitsa mapaipi a mphira mpaka kung'aluka. Amakoka chinyezi, thanki ndi pampu n'kuchita dzimbiri. Amakokolola zinyalala zakale m'thanki n'kutseka sefa. Njira yoongoka inalipo: kusintha mapaipi onse, kuika pampu yaikulu, kutsuka thanki kawirikawiri. Koma zida zake zinali zodula, ndipo Sipanala ankadziwa kuti munthu amene angamwetse galimoto mafuta amenewo osasintha kanthu, eni magalimoto adzamugwadira.

Tsiku lina masana anapempha kuti akagule mabawuti, n'kupita kwa sing'anga.

Sing'angayo ankakhala kuseri kwa malo ogulitsira zitsulo zakutha, m'kachipinda kosesedwa bwino kokhala ndi mipando iwiri ya pulasitiki. Anali bambo waukhondo, wa malaya ositidwa, wolankhula motsitsa ngati kalaliki. Anamvetsera mpaka kumapeto, akudula zikhadabo.

"Ndamva, bambo," anatero. "Mafuta anuwo ndi anjala basi. Mukawakaniza mphira, afuna china choti adye."

"Monga chiyani? Mbuzi?"

"Mbuzi ndi mbale wanu?"

Sing'anga anatsegula kabati n'kutulutsa kapaipi kakuda, kotalika ngati mkono, kokulungidwa ulusi wofiira kumapeto.

"Mafuta mumawasunga mu mgolo, eti? Munthu wa magazi anu ayamwe ndi kapaipi aka, monga muchitira pokoka mafuta. Kamodzi kokha. Akalavula, zatha. Galimoto iliyonse yomwa za mu mgolo umenewo sidzaola kanthu."

"Nanga munthuyo?"

"Adzakhala akudyedwa m'malo mwa galimoto. Pang'onopang'ono. Sizipweteka msanga."

"Ndiyamwe ndekha."

"Wodyetsa sadyedwa, bambo. Mukadyedwa inu, adyetse ndani?"

"Akatha munthuyo?"

Sing'anga anapemerera zikhadabo pa bondo lake. "Muli ndi abale angati?"

Sipanala anayang'ana khoma. Anayembekeza kuti mtima wake ugunda, kapena miyendo imutulutsa yokha. Palibe chinachitika. Anatenga kapaipi n'kukaika m'thumba la ovolosi.

Anasankha atate ake. Anadziuza kuti nkhalamba yadya kale zake. Anawauza kuti iye ali ndi chilonda m'kamwa, amuthandize kukoka mafuta.

"Ha, iwe, ntchito yomweyi?" anaseka mkuluyo akugwada pa mgolo. "Ine dizilo ndayamwa wodzaza chitsime. Amayi ako ankati ndikayetsemula pafupi ndi moto nyumba ipsa." Anayamwa, nalavula, napukuta ndevu. "Awa ndiye okoma. Ukandisungireko a pa Khirisimasi."

Galimoto yoyamba inali ya mwini sitolo wina amene anali asanapambanepo. Loweruka lotsatira, pabwalo la mpikisano kunja kwa tauni, inasiya anzake ngati aima. Patapita miyezi, amakaniko ena anatsegula boneti kuti aone. Mapaipi anali akale omwe aja, a mphira wamba, koma ofewa ngati atuluka m'sitolo dzulo. M'thanki munalibe ndi kadontho komwe ka dzimbiri.

Mbiri inawanda. Sipanala anasiya ntchito, natsegula galaja yake ya matailosi oyera. Anasamukira m'nyumba ya mpanda. Mkazi wake anagula makina amagetsi, ngakhale panalibenso chifukwa chosokera. Mnzake uja anatseka galaja yake n'kubwera kudzapempha ntchito, chipewa chili m'manja. Sipanala anamulemba, koma kukoma kumene ankakuyembekeza sanakumve. Mwana wake wamkazi anaphunzira kuyendetsa, ndipo anali ndi dzanja. Sipanala anamugulira galimoto yofiira, mtsikanayo nayamba kupambana amuna.

Atate ake anayamba ndi milomo. Inang'aluka osapola. Kenaka zala zinatupa, khungu linafewa n'kumasupuka akagwira kapu. Miyendo inadzaza madzi. M'mphuno munkadontha magazi amtundu wa dzimbiri. Madokotala anayeza zonse n'kunena kuti mitsempha yawo ikungonyenyeka, chifukwa chake sakuchiona. Sipanala anawagulira bedi lofewa ndi wailesi yakanema yaikulu. Loweruka lililonse magalimoto akathamanga, madzulo ake ankapeza mkuluyo atatsikirako.

"Wachita bwino, mwana wanga," ankatero ndi mawu osasa. "Sindinaganize kuti ndidzafera pa matilesi."

Pamaliro Sipanala sanalire. Anaima pambali, manja kumbuyo, akumvetsera injini ya galimoto yonyamula bokosi. Inkaphonya silinda imodzi.

Sabata isanathe, mapaipi a magalimoto anayamba kuchita thukuta. Fungo la mowa linadzaza m'galaja. Wina anabwera akudandaula kuti yake yakana kulira m'mawa, wina kuti pampu ikulira ngati njuchi. Sipanala anabwerera kwa sing'anga.

"Pepani ndi maliro," anatero sing'anga. "Anali olimba mdala uja. Ena satha ndi chaka chomwe."

"Ndikufuna kusiya."

"Siyani. Ndani wakumangani? Kungoti zonse zimene mafuta sanadye pa magalimoto aja, adzazidya tsiku limodzi."

"Ndili ndi chuma tsopano. Ndigula mapaipi enieni."

"Gulani, bambo." Sing'anga anamwetulira. "Mwana wanu uja akuyendetsa bwino. Ndimamuona."

Mpikisano waukulu wa pachaka unali pafupi, ndipo anthu achuma ochokera kutali anali atalonjeza kuti galimoto yofiira ikapambana, magalimoto awo onse adzakhala a galaja ya Sipanala. Tsiku lina Sipanala anaitana mwana wake ku mgolo. Kapaipi kanali m'manja.

"Ndikoke ine, ababa?" anafunsa mtsikanayo akumanga tsitsi kumbuyo. "Patseni, musade nkhawa, sindimeza."

Mtsikanayo anatambasula dzanja. Sipanala anayang'ana milomo yake. Pakhomo panali pataima mkazi wake, atanyamula chakudya chamasana.

"Bambo ake mwana," anatero mayiyo motsitsa, "m'galaja muno muli mapampu angati okokera mafuta? Chifukwa chiyani pakamwa? Ndipo apongozi anga aja anadwala chiyani kwenikweni?"

Sipanala anabweza kapaipi m'thumba. "Basi, pita," anauza mwana wake. "Ndasintha maganizo."

Akanaimitsa zonse pomwepo, akanatsala ndi manyazi okha. Akanauza eni magalimoto kuti akhuthule mathanki, n'kuuza mwana wake kuti chaka chino apume. Koma anaganiza za alendo achuma aja, ndi za katoni yonona ndi oyilo. Anaitanitsa mapaipi odula opirira etanolo, pampu yatsopano ndi sefa, naika zonse m'galimoto yofiira ndi manja ake. Anadziuza kuti chitsulo ndi chitsulo, sichimva za asing'anga.

Tsiku la mpikisano dzuwa linali phwee. Magalimoto a makasitomala ake anayamba kufa imodzi imodzi. Ina inazima isananyamuke. Ina inaima pakona, pansi pake patachita chithaphwi. Koma yofiira inkangopita, ndipo inadutsa mzere ili patsogolo.

Itaima, mtsikanayo anatuluka mothamanga. Anadumphadumpha, akukupiza manja, akudzimenya pachifuwa ndi m'ntchafu. Anthu anaimirira n'kuomba m'manja. Ena anayamba kuvina naye ali m'mipando mwawo.

Sipanala yekha ndiye anaona kuti mpweya pamwamba pa galimoto ukunjenjemera, ndipo utoto wa boneti ukuchita matuza. Moto wa etanolo suoneka padzuwa. Ulibe utsi, ulibe kufiira. Anayamba kuyenda, osathamanga, ngati munthu woyenda m'madzi. Pamene ozimitsa moto ankazindikira, mtsikanayo anali atagwa, ndipo m'manja munali mukuombedwabe kumipando yakutali.

Atatsegula boneti mawa lake, Sipanala anapeza mapaipi atsopano aja atanyenyeka ngati makala onyowa.

Zotsalazo zinapita mwachangu. Eni magalimoto anabwera ndi maloya awo, galaja inatsekedwa, nyumba inagulitsidwa. Mkazi wake sanamukalipire. Atabwera kuchokera kumanda kokaika mwana wawo, analongedza zovala zake, naima pakhomo.

"Mundiuze chimodzi chokha," anatero. "Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Mukumva chiyani?"

Sipanala anafufuza m'kati mwake moona mtima. "Palibe," anayankha.

Mayiyo anagwedeza mutu n'kutseka chitseko bwinobwino.

Lero mukhoza kukumana naye m'misewu, atanyamula chidebe cha madzi. Savuta munthu, sapempha kanthu. Koma akaona wina akudumpha ndi chimwemwe, kaya ndi mkwatibwi, kaya ndi wophunzira amene wakhoza mayeso, amamuyandikira mwakachetechete n'kumukhuthulira madzi onse. Anthu amumenyapo kangapo. Sadziteteza. Amatola chidebe chake n'kupita kukatunga ena.

Dyera ndi lotero. Limayamba ndi kukuuza kuti wolipira ndi wina, ndipo ukavomera kamodzi, silikufunsanso. Chuma chimene uchipeza podyetsa m'bale wako sichikhuta ndi m'bale mmodzi. Ndi bwino kutuluka pansi pa galimoto mochedwa, manja ali akuda, kusiyana ndi kutuluka msanga n'kupeza kunyumba kulibe wokulonjera.