Oyilo Wakuda pa Mfuti ya a Kadontho

Mtembo unali chafufumimba pafupi ndi tebulo lachitsulo, m'chipinda chosungira mfuti cha kampani ya alonda operekeza malole a katundu. Nthawi inali itangopitirira 8 koloko m'mawa. Inspekita, mayi amene anachita kumera imvi akufufuza milandu yakupha, anaima pakhomo osalowa kaye. Womwalirayo anamuzindikira ndi dazi.

Anali a Kadontho. Iwo ndi amene anamuphunzitsa kugwira mfuti ali kamtsikana kongolowa kumene upolisi, ndipo atapuma ntchito anadzalembedwa pano kuti aziyang'anira mfuti za alonda. Dzinali analitengera pa nyimbo yawo ya tsiku ndi tsiku: tsuka ndi mankhwala, pukuta paume, kenako oyilo kadontho kamodzi basi.

Mwini kampani, bambo wa kamimba ndi tayi wofiira, anamukankha pang'ono Inspekita ndi phewa kuti naye aone.

"Ndi ngozi iyi, mayi. Amatsuka mfuti osachotsa chipolopolo. Munthu anakalamba, mutu sumagwiranso. Ndi kachiwiritu aka. Mwezi wa dzana mlonda wathu anaphedwa ndi achifwamba mfuti itamukanira kulira, ndipo mfuti imeneyo inachokera m'manja mwa madala omwewa. Ingolembani kuti ngozi, ntchito iyambe."

Inspekita anamuyang'ana kuyambira pa tayi mpaka ku nsapato. Mtima unamuwira. Munthu sanazizire n'komwe, wina wayamba kale kumupaka matope kuti malole ake anyamuke.

"Tulukani," anatero.

"Pepani, pano ndi panga."

"Lero ndi panga. Sajeni, aperekezeni."

Atatsala yekha anavala magolovesi n'kuwerama. Atautembenuza mtembo, anaona bala pachifuwa. Mfuti inali patebulo, ikunyezimira ngati nsapato ya mkwati, ndipo pambali pake panali kasanza kakuda. Anakanunkhiza n'kukwinya nkhope. Anapita pa kabati imene munkakhala mankhwala osungunulira mwaye wa wonga, maburashi ndi kabotolo ka oyilo wa mfuti. Inali yokiya. Kiyi anamupeza m'thumba la malemu.

Sajeni atabwerera, Inspekita anamulozera zonsezi.

"Munthu angatsuke mfuti mankhwala ali m'kabati yokiya? Ndipo taonani oyiloyu, mpaka kuchucha. Madala awa akanadzuka akanakumenya nako kasanzaka kumaso. Wina wawombera, kenako wapaka mfuti kuti tione ngati amatsuka."

"Ndiye tiyambire pati, bwana?"

"Funsani amene anakangana nawo posachedwa."

Dzina linatuluka msanga. Alonda onse analoza mnzawo wina wamtali, yemwe ankamutcha Nsungwi, amene dzulo lake anamveka akukalipirana ndi a Kadontho mpaka anthu kuwaleretsa. Pofika 10 koloko anali atakhala m'chipinda chofunsira mafunso kupolisi, mawondo akugunda kunsi kwa tebulo.

"Munakanganirana chiyani?"

"Oyilo, mayi."

"Oyilo watani?"

Nsungwi anakanda m'mutu. "Mvula inandinyowetsa pa ulendo. Ndinaopa dzimbiri, ndiye ndinapakako mafuta ophikira. Madala atanunkhiza anandinena pamaso pa anzanga kuti kodi ndikufuna kuikazinga mfutiyo. Akuti mafuta ophikira amauma n'kumata ngati ulimbo. Ine zinandinyansa, ndinayankha mwano. Koma kupha ayi, mayi!"

"M'mawa uno munali kuti?"

"Pa msewu. Tinanyamuka kusanache ndi dalaivala ndi anzanga awiri. Mwachita kundibweza panjira."

Sajeni anaimbira foni anthu atatuwo, onse anavomereza. Inspekita anamenya tebulo ndi chikhatho, osati chifukwa cha Nsungwi, koma chifukwa cha maola amene anataya pa munthu wopusa koma wosalakwa. Anamusonyeza kasanza kaja kali m'pepala la pulasitiki.

"Aka mukukadziwa?"

"Ngati aka tadzaza ku galaja yathu. Malole onse amakonzera kuseri kwa ofesi." Anakayang'ananso kasanzako. "Makaniko wake ndi bambo ake a mnzathu uja anaphedwa ndi achifwamba. Chichitikireni maliro sanapatsanepo moni ndi madala. Amati anamupatsa mwana wawo mfuti youma."

Inspekita sanathamangire ku galaja. Anatsikira kaye kuchipinda chapansi kumene apolisi amasunga katundu wa umboni, n'kuitanitsa mfuti ya mlonda wophedwayo. Chiibweretsereni inali isanatsegulidwe. Amene ankafufuza mlanduwo anangothamangitsa achifwamba, za mfuti anangoti inakana basi. Ulesi wa apolisi anzake unamupsetsa mtima kuposa china chilichonse tsikulo. Anaimasula yekha. Mkati, pamene pamayenda kachitsulo komenya chipolopolo, munali mutadzaza girisi wosakanikirana ndi fumbi, wolimba ngati phula. Kachitsuloko sikakanatha kuyenda.

Inspekita anamupeza makaniko cha m'ma 2 koloko masana, atagona pansi pa lole koma sipanala ili phee m'manja. Anali bambo wa mapewa otambalala, wa imvi za m'mbali. M'thumba la kumbuyo la ovololo yake munkalendewera theka la kasanza, long'ambika mofanana ndi kaja ka patebulo. Pa benchi panali kachitini ka oyilo wa injini wakuda. Sanalimbane ndi apolisi pomutenga.

M'chipinda chofunsira mafunso, Inspekita anayala zidutswa ziwiri za kasanza patebulo n'kuzilumikiza. Zinagwirizana.

"Bambo, sindikufuna nthano. Kasanza aka ndi kanu. Oyilo amene ali pa mfuti ija ndi wa injini, ndipo m'chipinda muja simunalowepo oyilo wotere. Munakatani kumeneko m'mawa?"

"Ndinakapereka moni."

"Moni wa mfuti?"

Makaniko anadzuka, mpando n'kugwa. Sajeni anamugwira paphewa koma iye anali atayamba kale kukuwa.

"Anandiphera mwana! Mukudziwa inu kuti chitsulo chimafuna chiyani? Ine ndakulira m'zitsulo. Chitsulo chouma chimadyana, chimagwirana. Iye ankangodontheza ngati mankhwala a m'maso, kuumira oyilo ngati amagula ndi ndalama zake. Mwana wanga anakoka mfuti kawiri, zii. Achifwamba anamuwombera ngati galu ali ndi mfuti m'manja!"

"Khalani pansi. Ndiye m'mawa uno?"

Anakhala, akupuma mofulumira.

"Ndinawapeza madalawo akuchotsa zipolopolo m'mfuti za alonda obwera ku ulendo. Ndinati lero mupepese, munene ndi pakamwa panu kuti munapha mwana wanga. Masiku onse ndikawanena ankangowerama osayankha. Lero ndinawatukwanira akazi awo. Ndiye anayankha."

"Anati chiyani?"

Makaniko anayang'ana kukhoma. Mawu anatsika.

"Anati, achimwene, ndakhala chete pokumverani chisoni, koma mwafika pena. Akuti tsiku la chiwembu, pokatenga mtembo, anaigwira mfuti ija n'kuona girisi akutuluka m'mbali. Akuti pa kampani pano wogwira girisi ndi mmodzi."

"Munaikamo ndinu?"

Sajeni anasiya kulemba.

"Lole ya mwana wanga inali ku galaja m'mawa wa tsiku la chiwembulo," makaniko anatero pomaliza. "Mwana anasiya mfuti pa mpando n'kupita kukasaina. Ndinaitsegula, ndinaona mouma gwa. Ndinati mwana wanga sangapite ku msewu woipa uja ndi chinthu chouma chonchi. Ndinapakamo girisi wabwino, wa mabering'i a matayala. Ndimamuteteza, mayi."

"Ndiye madala atakuuzani zimenezo munatani?"

"Mutu unazungulira. Mfuti ina inali patebulo, asanaichotse chipolopolo. Sindikumbuka kuinyamula, ndimangokumbuka kulira kwake. Kenako ndinachita mantha. Ndinaipukuta ndi kasanza kanga kuti zala zisaoneke, n'kuithira oyilo amene ndinakatenga ku galaja kuti zioneke ngati amatsuka." Anakweza maso, ofiira psuu. "Koma ananama eti? Girisi sangaletse mfuti. Ananena dala kuti andibaye mtima. Ndiuzeni kuti ananama."

Inspekita anatuluka n'kubwera ndi mfuti ya mwana uja, yomasula. Anaiika patsogolo pake, n'kukolowola girisi wolimbayo ndi nsonga ya cholembera. Chinthu chakuda chinagwera patebulo.

"Mfuti si bering'i, bambo. Imayenda m'fumbi, ndipo girisi amatola fumbi lonselo n'kuuma nalo. Sananame. Munthu uja analola kuti kampani yonse izimunena kuti ndi nkhalamba yosasamala, analola kuti mumutukwane mwezi ndi mwezi, n'cholinga choti inu muzigona tulo. Mwamulipira chipolopolo pachifuwa, n'kufunanso kuti aikidwe m'manda ngati chitsiru chodziwombera chokha. Zimenezo ndiye ayi. Ndilemba zonse momwe zilili, ndipo bwana wanu wa tayi uja ndikamuwerengera ndekha."

Ananena zimenezi mwaukali. Chisoni chinalipo, sakanakana, koma chinali cha a Kadontho amene anali ku mochale.

Makaniko anakhudza girisi uja ndi chala, n'kumufikisa monga amachitira ku galaja. Anamuzindikira. Analira mokweza, kulira koipa kwa munthu wamkulu, mpaka Sajeni anayang'ana kumbali. Atatonthola anatambasula yekha manja kuti amumange unyolo.

"Chinthu chimodzi chokha, mayi," anatero. "Za kupha ndavomera, lembani. Koma za girisizi mayi ake a mwana asamve. Sangapirire. Chonde, bisani."

Inspekita anatseka unyolo n'kuimirira.

"Amene ankakubisirani mwamupha m'mawa uno," anatero. "Ine sindibisa."